Mabanki asiye kutseka makhadi a ngongole a anthu osalakwa popanda kunena chifukwa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanu lino za nkhani imene yatisowetsa mtendere ife amene tikukhala kuno ku UK. Ndikudziwa ena powerenga anena kuti zimenezo ndi zanu za ku Mangalande ife zikutikhudza pati, koma dikirani kaye mumve, chifukwa ndalama ya fizi, ya feteleza, ya mankhwala a agogo imene imalira pa Mpamba kapena pa Airtel Money kumapeto kwa mwezi ija imayamba yadutsa m'manja mwa mabanki omwewa. Nkhani yake ndi yoti mabanki akumatseka ma credit card a anthu oti sanalakwe kanthu. Munthu woti amabweza ngongole yake mwezi ndi mwezi osaphonya, sanadumphepo malire amene anamuikira, dzina lake ndi loyera paliponse, akungoona kalata kapena kauthenga pa foni koti khadi lanu tatseka, basi. Chifukwa chake osanena, ndipo ukafunsa akuti safunika kukuuza.

Kwa amene simunaligwiritsepo ntchito, credit card si khadi la ku ATM lija timatapira ndalama zathu zomwe. Ili ndi khadi la ngongole, banki imakuikira malire, tinene mapaundi 2,000, iwe umagula zinthu ndi ndalama za banki kenako mwezi ukatha amakutumizira statement nkubweza. Ukabweza zonse pa nthawi yake palibe chiwongola dzanja, ukabweza pang'ono chotsalacho chimayamba kubereka, ndipo chimabereka moopsa, kuposa 20 peresenti pa chaka pa makhadi ambiri. Nde wina afunsa kuti bwanji osangozisiya zangongolezo nkumadya zako. Kuno sizitheka bwinobwino. Dziko lino limayendera mbiri ya ngongole, kuli makampani atatu akuluakulu, Experian, Equifax ndi TransUnion, amene ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya mmene munthu aliyense amabwezera, ndipo ukafuna kuchita lendi nyumba, kutenga foni ya kontrakiti, galimoto yolipira pang'onopang'ono, makamaka mortgage yogulira nyumba, amayamba ayang'ana kumeneko. Munthu wochokera ku Malawi amafika kuno alibe mbiri ina iliyonse, olo anali bwana wolemekezeka ku Capital Hill, kuno ndi mwana wakhanda. Ndiye timayamba ndi kakhadi kakang'ono ka malire ochepa, kumagulira petulo ndi zakudya, kumabweza, kumabweza, zaka zikupita, mpaka dzina limere mizu. Ndi ntchito yotenga zaka imeneyo, ndipo ndi imene banki imatha kuigwedeza ndi kalata imodzi.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku ambiri. Khadi langa ndinakhala nalo zaka zambiri ku banki ina yaikulu ndithu imene sinditchula dzina, ndipo ndinaika direct debit yoti mwezi uliwonse azidula okha ndalama yonse imene ndagwiritsa ntchito, kuti ndisadzaiwale ndi tulo ta masana. Khadi limeneli kwa ine silinali logulira nsapato kapena mawigi ayi, linali la tsiku loipa. Aliyense amene ali kunja akudziwa chimene ndikunena, foni ija imalira pakati pa usiku nambala yake yoyamba ndi +265, mtima nkugunda usanayankhe nkomwe. Kuchoka kuno kulibe ndege yolunjika ku Malawi, umadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi kapena ku Johannesburg, ndipo tikiti yogula lero kuti unyamuke mawa imatha kupitirira mapaundi 1,000, ndalama yoti munthu wolandira malipiro ngati anga sakhala nayo ili phee mu akaunti pakati pa mwezi.

Tsiku loipalo linafika, malume anga amene anandilera ine mayi atamwalira anatisiya. Ndinali kuntchito, ndinapempha mnzanga andigwirire kaye mbali yanga, ndinakakhala mu kachipinda kathu kopumira momwe muli ketulo ndi mafiriji a chakudya cha antchito, manja akunjenjemera, ndikulemba manambala a khadi pa foni kuti ndigule tikiti. Ikukana. Ndinaganiza kuti mwina ndalakwitsa nambala chifukwa maso anali odzaza misozi, ndinapukuta nkulembanso, ikukanabe. Kutsegula app ya banki ndinapeza pamene pamakhala ndalama yotsala yoti ndingagwiritse ntchito palembedwa 0, ndi mawu ochepa oti khadili layimitsidwa ndiyembekezere kalata. Ngongole ndinalibe olo 1 tambala. Kalatayo inadzafika pambuyo pake, tsamba limodzi, yonena kuti ataunikanso aona kuti sangapitirize kundipatsa khadili, layimitsidwa kuyambira pano ndipo akaunti idzatsekedwa pakatha miyezi iwiri. Kumaliro ndinapita ndithu koma ndi ndalama zosonkha, amayi a kumpingo ndi anzanga a mu gulu lathu la chipereganyu anandisonkhera usiku womwewo, Mulungu awadalitse, koma ndinafika mochedwa, ndinapeza ataika kale. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero ndipo sindibisa.

Nditabwerako ndinayamba kuimba foni. Akonzi, amene sanayesepo kuimbira banki kuno sangamvetse, umayamba kulankhula ndi makina, dinani 1 dinani 3, kenako kanyimbo kaja kumalira iwe uli chigonere maso akulemera chifukwa wachoka ku shifiti, mapeto ake akuyankha mwana wachichepere waulemu wake bwinobwino amene ukumumvera ndi chisoni chomwe, chifukwa naye akungowerenga zimene zalembedwa pa kompyuta yake. Amvekere pepani mayi, chiganizochi chinapangidwa ndi dipatimenti ina, ife sitingaone chifukwa chake. Ndimvekere chabwino ndilumikizeni ndi dipatimenti imeneyo. Amvekere imeneyo silankhula ndi makasitomala. Ndinafunsa kuti kodi ndinaphonyapo kubweza, akuti ayi mbiri yanu ili bwino kwambiri. Kodi pali amene wagwiritsa ntchito khadi langa mwachinyengo, akuti palibe chimene chikuoneka. Nanga ndalakwa chani? Akuti pepani sitingathe kunena zambiri. Ndinati bola ndipite ku nthambi ndikaonane ndi munthu maso ndi maso, koma nthambi ya mdera lathu inatsekedwa kalekale, pano ndi shopu ya khofi, ndipo si yokhayo, nthambi za mabanki zoposa 6,000 zatsekedwa m'dziko muno kuchokera 2015. Kumudzi kwathu wagolosale amene amakukongoza shuga ndi sopo nkumalemba m'kope, tsiku limene waganiza zosiya kukukongoza amakuuza pamaso kuti amayi mwachedwetsa kawiri, kapena kuti bizinesi yavuta sindikukongozanso aliyense, ndipo umachoka ukudziwa pamene waima. Banki ya mabiliyoni ikulephera ulemu umene wagolosale amaukwanitsa.

Nditaiyamba nkhaniyi pa gulu lathu la WhatsApp ndi pamene ndinadziwa kuti sindili ndekha. Wina anamutsitsira malire kuchoka pa masauzande kufika pa mahandiredi osamuuza chifukwa, wina anamutsekera khadi ndi akaunti yolandirira malipiro tsiku limodzi, wina khadi lake analisunga mu drowa kudikira tsoka ngati ine nkulipeza linafa kale. Koma ambiri anandilembera kumbali osati pagulu, chifukwa cha manyazi. Ife a Malawi tikamva kuti uje banki yamutsekera timathamangira kunena kuti pali utsi pali moto, ameneyo alipo chimene anachita. Ndiye munthu amangokhala chete kumavutika yekha, ndipo kukhala chete kumeneku ndi kumene kukuwapatsa mabanki mpata.

Chimene chinandidabwitsa nditayamba kufufuza ndi choti zambiri mwa zimenezi lamulo limawalola. Lamulo la ngongole la kuno, Consumer Credit Act la 1974, limati banki ikafuna kuthetsa pangano la khadi ngati limeneli ikupatse notisi ya miyezi iwiri, koma limawapatsanso mphamvu yoyimitsa khadilo nthawi yomweyo ngati ali ndi chifukwa chomveka, nkukudziwitsa asanatero kapena atangotero kumene. Chifukwacho amayenera kukuuza, kupatula ngati kukuuzako kukuphwanya lamulo lina kapena kusokoneza ntchito yofufuza milandu. Pa pepala zikumveka bwino. Koma zimene zimachitika ndi zoti amalemba chiganizo chimodzi chopanda mutu, zoti taunikanso, zoti ndi ndondomeko yathu, basi amati takuuzani. Ndipo miyezi iwiriyo ilibe phindu kwa munthu amene khadi lake layima kale lero, maliro sadikira miyezi iwiri.

Nanga amatsekeranji? Zifukwa zimene zimadziwika zilipo ndithu. China ndi phindu basi. Munthu wobweza zonse mwezi uliwonse banki simudyerapo chiwongola dzanja, imangopeza kandalama kochepa kamene amadula kwa mwini shopu ukagula, ndipo khadi logona mu drowa ndiye silibweretsa kanthu pamene banki ikuyenera kusunga ndalama pambali poopa kuti tsiku lina udzaligwiritsa ntchito. Ndiye zinthu zikavuta pa chuma amayamba kudula malire ndi kutseka makhadi, zinachitika nthawi ya mavuto a zachuma a 2008, zinachitikanso nthawi ya Covid. Mu 2021 Barclaycard, kampani ya makhadi a ngongole ya banki ya Barclays, inatsitsa malire a makasitomala ambiri mpaka nkhani inatuluka m'manyuzipepala, anthu akudandaula kuti sanaphonyepo kubweza. Chaka cha 2020 kampani yomweyo inatseka makhadi a anthu a ku Britain okhala m'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya wa EU chifukwa cha Brexit, kutuluka kwa Britain mu mgwirizanowo, apo bola chifukwa chake chinali chodziwika.

Koma chimene chimatikhudza kwambiri ife obwera ndi mantha a mabanki pa nkhani ya ndalama zakuba ndi zozembetsa. Mabanki akhala akulipitsidwa zindapusa zoopsa. HSBC inalipira pafupifupi madola 1.9 biliyoni ku America mu 2012. NatWest inalipitsidwa mapaundi oposa 264 miliyoni mu Disembala 2021 chifukwa inkalandira ndalama zankhaninkhani kuchokera ku kampani ina yogulitsa golide ya ku Bradford, zina zikubwera m'mapepala akuda otayira zinyalala, osafunsa bwinobwino. Santander nayo inalipitsidwa mapaundi oposa 107 miliyoni mu 2022. Ndiye pofuna kudziteteza anaika makompyuta oti aziyang'ana kayendedwe ka ndalama za aliyense, akaona chachilendo aziimba belu. Tsono taganizirani mmene ndalama za Mmalawi wa kuno zimayendera. Malipiro alowa lero, mawa theka latuluka kupita ku Africa kudzera ku Mukuru kapena WorldRemit, kwa anthu osiyanasiyana, uyu wa fizi, uyu womanga nyumba, uyu wa kuchipatala. Mwezi wina anthu khumi akuponyera ndalama yofanana tsiku limodzi chifukwa ndi ulendo wako wolandira chipereganyu. Sabata ina ndiwe msungichuma wa chopereka cha maliro a Mmalawi mnzathu woti thupi lake lipite kumudzi, anthu makumi angapo akuponya mapaundi 20, 50, kenako yonse ikutuluka kamodzi. Kwa ife umenewu ndi umunthu, ndi mmene tinaleredwera, koma kompyuta imene inaphunzitsidwa moyo wa munthu amene ndalama yake imangozungulira pakati pa lendi, shopu ya Tesco ndi holide imaona ngati pali chachinyengo. Ndipo banki ikangokukayikira nkukapereka lipoti ku boma, lamulo la Proceeds of Crime Act la 2002 limailetsa kukutsina khutu, wantchito amene angakuuze akhoza kumangidwa. Ndiye pakhomo pamatsekeka pamenepo, iwe sukudziwa mlandu, iwo sangakuuze, palibe bwalo limene ungakadziyeretse.

Izi si zatsopano kwa anthu a ku Africa. Mu 2013 Barclays inaganiza zotseka ma akaunti a makampani ambiri otumiza ndalama kunja, kuphatikizapo Dahabshiil imene anthu a ku Somalia amadalira potumiza thandizo kwawo, mpaka nkhani inakafika kukhoti ndipo katswiri wothamanga Mo Farah analowererapo kupempha kuti asatero. Onjezerani nkhani ya mapepala. Makhadi athu a chilolezo chokhalira m'dziko muno, ma BRP, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024 boma litasamukira ku eVisa ya pa intaneti, ndiye ukapeza banki imene mu kompyuta yake mukuonekabe kuti chitupa chako chinatha, ikulembera kalata ku adiresi yakale, iwe osaiona, basi nkhani yathera pomwepo.

Ndisanamiziridwe, ine sindikunena kuti mabanki asiye kulondola akuba. Ife a Malawi tinaona ndi maso athu zimene Cashgate inachita mu 2013, ndalama za mankhwala m'zipatala zikutuluka kudzera m'mabanki momwemo anthu nkumazisunga m'mabuti a galimoto, ndiye sindingakhale ine wonena kuti banki izitsinzina. Ndikudziwanso kuti khadi la ngongole ndi ndalama za banki, sungakakamize munthu kukukongoza. Koma pali kusiyana pakati pa kufufuza munthu ndi kumutaya. Kufufuza ndi kundiimbira foni kapena kundiitana nkundifunsa kuti mayi ndalama izi zikupita kwa ndani, ine nkutulutsa ma payslip, malisiti a sukulu, mndandanda wa gulu lathu, nkhani nkutha. Zimenezo zimafuna munthu wolipidwa kuti akhale pansi amvetsere, ndipo banki imawerengera nkuona kuti kasitomala wamng'ono ngati ine sakukwana mtengo wa nthawi ya munthu ameneyo, bola kungotseka. Amene anabweretsa ndalama m'mapepala a zinyalala uja anamulandira zaka zingapo, wosamalira okalamba wotumiza mapaundi 200 kwa mlongo wake ndi amene akumuona kuti ndi woopsa. Pamenepa ndi pamene mtima wanga umawira.

Nkhani imeneyi anthu wamba akhala akuilira kwa zaka koma inadzamveka mu 2023 itagwera munthu wotchuka, wandale Nigel Farage, pamene banki ya anthu olemera ya Coutts inamutsekera ma akaunti. Iye anagwiritsa ntchito ufulu umene aliyense ali nawo kuno wopempha kampani kuti ikupatse zonse zimene inalemba zokhudza iwe, ndipo anatulutsa chikalata cha masamba 40 choonetsa kuti akuluakulu a bankiyo anakambirananso za maganizo ake a ndale. Dziko linagwedezeka, mkulu wa NatWest, imene ndi mwini wake wa Coutts, Alison Rose, anatula pansi udindo mu Julaye chaka chomwecho, mkulu wa Coutts nayenso anachoka. Nthawi imeneyo ndi pamene ziwerengero zochokera ku FCA, bungwe loyang'anira mabanki, zinatuluka zoonetsa kuti ma akaunti oposa 343,000 anatsekedwa mu chaka cha 2021 mpaka 2022, pamene zaka zisanu m'mbuyo mwake anali osakwana 50,000. Ena mwa amenewo analidi akuba, sindikukana, koma onsewo? Ine ndale za bambo ameneyu sindigwirizana nazo olo pang'ono, makamaka zimene amalankhula za ife obwera, koma pa nkhani iyi anali ndi mfundo, ndipo chimene chimandipweteka ndi choti zinatengera munthu wa pa TV kuti nduna ziyambe kuthamanga. Mu 2025 boma linalengeza kuti kuyambira Epulo 2026 banki izipereka notisi ya masiku 90 ndi chifukwa chomveka bwino isanatseke akaunti. Ndi poyambira pabwino, koma malamulo amenewa akukamba za ma akaunti osungira ndi kulipirira, pamene makhadi a ngongole ali pansi pa lamulo lawo lija la 1974.

Ndipo kuonongeka kwake sikuthera pa tsiku lotsekalo. Makampani osunga mbiri aja amayang'ana kuti pa ngongole yonse imene unaloledwa ukugwiritsa ntchito yochuluka bwanji. Tinene uli ndi makhadi awiri, lililonse malire ake 2,000, ndipo pa limodzi uli ndi ngongole ya 800, ndiye kuti ukugwiritsa ntchito 20 peresenti, uli bwino. Akakutsekera linalo, ngongole yako ndi yomweyo ya 800 koma tsopano ndi 40 peresenti, ukuoneka ngati munthu amene wayamba kumira pamene sunagule olo kandulo. Ngati lotsekedwalo linali lakale kwambiri ndiye zaipiratu. Ukathamangira kukapempha khadi lina, pempho lililonse limasiya chidindo pa mbiri yako, akakukana awiri atatu wachinayi amaona ngati wasimidwa. Banja loti lakhala likusunga dipoziti ya nyumba zaka ndi zaka likhoza kupatsidwa mortgage yodula kapena kukanidwa kumene chifukwa cha zimenezi. Umatayanso chitetezo cha Section 75 ya lamulo lomwelo la 1974, choti ukagula chinthu cha pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000 ndi credit card kampani yogulitsayo nkugwa kapena kukunamiza, banki imayenera kukubwezera, chimene kwa ife ogula matikiti a ndege ndi chinthu chachikulu.

Abale anga amene muli kuno, zikakugwerani musakhale chete ndipo musamangolimbana ndi ana a pa foni aja. Lembani dandaulo lenileni ku banki, nenani kuti ili ndi dandaulo, sungani kope. Ali ndi masabata 8 oti akuyankheni komaliza, akapanda kuyankha kapena yankho lisakukhutiritseni pitani kwa Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a makasitomala a mabanki, ndi kwaulere, safuna loya, koma musadutse miyezi 6 chilandirireni yankho lomalizalo. Pemphaninso zonse zimene analemba zokhudza inu ngati mmene anachitira Farage, ufulu umenewo si wa olemera okha, amayenera kuyankha pa mwezi umodzi ngakhale zina amazibisa. Yang'anani mbiri yanu ku makampani atatu aja, ndipo funsaninso ku Cifas, bungwe lolimbana ndi chinyengo, ngati dzina lanu linaikidwa chizindikiro cha chinyengo, chifukwa chimenecho chimatha kukhala zaka 6 ndipo mabanki ambiri amachiona, nthawi zina chimabwera chifukwa mwana wanu kapena mnzanu anakupemphani kuti ndalama yake idutsire mu akaunti yanu inu nkuvomera mwachifundo. Chimenecho chokha chonde kanani, olo akhale wa kumpingo. Ndalama za gulu musamazisunge mu akaunti yanu yolandirira malipiro, ndipo khadi la tsiku loipa muziligulirako mkaka kamodzi pa kanthawi kuti lisaoneke lakufa. Ngati muli ndi ngongole pa khadi lotsekedwalo pitirizani kubweza monga mwa pangano, kutseka sikufafaniza ngongole, mukakwiya nkusiya ndi pamene mumawapatsa chifukwa chenicheni. Ine dandaulo langa ndinalemba, anandiyankha kuti anatsata ndondomeko zawo zonse, ndipo ndalipititsa kwa Ombudsman.

Abale athu a ku Joni nawonso akudziwa zimenezi, mwinanso kuposa ife, chifukwa kumeneko pemiti ikangotha kapena ikachedwa kutuluka akaunti imaumitsidwa malipiro ali momwemo. Lamulo lawo la ngongole, National Credit Act la 2005, limalola banki kutseka khadi itapereka notisi ya masiku 10 ogwira ntchito basi, ndipo khoti lawo la apilo linagamula mu 2010 pa mlandu wa Bredenkamp ndi Standard Bank kuti banki ikhoza kuthetsa ubale ndi kasitomala bola yapereka notisi yoyenera. Ndiye vutoli si la dziko limodzi.

Tsono chimene ndalembera ku nyuzipepala ya kumudzi osati ya kuno ndi ichi. Mabanki athu ku Malawi nawo ayamba kupereka ma credit card, tili ndi lamulo la ma credit reference bureau, makampani osunga mbiri ya ngongole aja, kuyambira 2010, tili ndi Financial Crimes Act ya 2017 ndi bungwe la Financial Intelligence Authority, ndipo tonse tikukumbuka mizere ija m'mabanki anthu atauzidwa kuti abweretse chitupa cha unzika apo bii akaunti iyimitsidwa. Njira imene tikuyenda ndi yomweyi imene anzathu kuno anadutsa, makompyuta omwewa akubwera, malamulo a padziko lonse omwewa akutifinya, ndipo kwathu ndiye zidzawawa kwambiri chifukwa anthu ambiri ndalama zawo ndi za geni, za fodya ndi soya zobwera kamodzi pa chaka, za banki mkhonde, zoti kompyuta singazimvetse. Kale kale anthu akudandaula kuti khadi likukana kulipira kunja chifukwa cha kusowa kwa forex munthu osachenjezedwa, mwana wa sukulu ali ku India kapena wodwala ali ku chipatala ku South Africa nkungoona khadi lakana.

Ndikupempha a Reserve Bank of Malawi, amene ndi oyang'anira mabanki onse, kuti asadikire kuti zidzagwere nduna kapena phungu kaye. Alembe poyera kuti banki isanatseke khadi kapena akaunti ya munthu amene sanaphwanye pangano izipereka nthawi yokwanira khadilo likugwirabe ntchito, izipereka chifukwa cholembedwa m'chilankhulo chimene munthuyo amamva, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, osati chizungu cha maloya, ndipo pazikhala munthu weniweni wa dzina ndi ofesi amene kasitomala angakamuone nkumufotokozera mbali yake chiganizo chisanakhale chomaliza. Pamene pali kukayikira kwenikweni kwa mlandu ayimitse, palibe akukana, koma pakhale malire a nthawi, akafufuza nkupeza kuti munthu ndi wosalakwa amutsegulire ndi kukonza mbiri yake ku bureau. A CFTC ndi a CAMA, mabungwe oteteza ogula, nawonso nkhani iyi ndi yawo. Ndipo inu akonzi, tumizaniko mtolankhani wanu ku Bankers Association of Malawi akafunse kuti chaka chathachi mabanki anatseka kapena kuyimitsa ma akaunti ndi makhadi angati a anthu oti analibe ngongole yobweza mochedwa, ndipo mwa amenewo ndi angati anauzidwa chifukwa chake. Yankho lake mudzalisindikize pa tsamba lomwe lino, ife kuno timawerenga.

Ndine wanu,
Mayi wowerenga nyuzipepala yanu,
Manchester, UK